Kuchokera ku Mkaika Kufika ku Wattville: Ndani Amaimira Chinenero Chathu?

Ndikulemba kuchokera kuno ku Wattville, m'mphepete mwa Benoni. Ndiloleni ndiyale nkhani yotalikirapo, ndipo pomwe ndaphonya mundiwongole, pakuti pakati panu ndine mwana.

Mwezi wathawu bungwe lathu la maliro linandituma kuti ndilembe kalata yodziwitsa mamembala za kukwera kwa chopereka cha pamwezi. Bungweli ndi laling'ono. Muli anthu a ku Dedza, a ku Katete, a ku Angónia, ndiponso banja lina lobadwira ku Zimbabwe lomwe agogo ake anachokera ku Ntcheu. Tikakhala pansi kukambirana sitifuna womasulira. Koma kalata ija itayamba kuyenda m'manja, bambo wina wa ku Katete anafunsa chifukwa chomwe ndinalembera "chopereka" pomwe iwo kusukulu anaphunzira "copereka". Mayi wa ku Angónia anaibweza mwaulemu, nati chinenerochi anayamwira koma kuwerenga anaphunzira m'Chipwitikizi mokha. Tinatsutsana ngakhale pa dzina la chomwe timayankhula. Kenaka achinyamata obadwira konkuno anapempha kuti uthengawo uikidwe pa WhatsApp m'Chingerezi kapena m'Chizulu, poti Chichewa amachimva koma kuchiwerenga chimawavuta. Kalata inatuluka m'Chingerezi.

Chichokereni tsiku limenelo funso limodzi lakhala likundisowetsa tulo. Chinenero chomwe chimayankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri m'mayiko anayi kapena asanu, amachiimira ndani pamalo pomwe boma silichilabadira? Pofuna yankho ndabwerera m'mbiri yathu, ndipo ndaiyika pafupi ndi mbiri ya anthu ena akutali, Akichwa a ku Ecuador, omwe anayankha funso lomweli m'njira yosiyana ndi yathu.

Ufumu umodzi, mbendera zitatu

Azungu asanalembe malire, dziko la Amaravi linali lotambalala kuchokera kunyanja kufika ku Luangwa ndi ku Zambezi. Kalonga anali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Undi anakakhazikika ku Mano, m'dera lomwe lero lili m'chigawo cha Tete. Lundu anali kumunsi kwa Shire. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu June 1891 linadula dziko limeneli osafunsa mfumu kapena mbumba. Likulu la Undi linagwera kwa Apwitikizi, pomwe anthu ake ambiri anagwera kwa Angerezi. M'zaka za m'ma 1930 Undi anasamukira ku Northern Rhodesia, ndipo ndi chifukwa chake lero timakalamba ku Katete.

Malire anabwera pamodzi ndi kulandidwa kwa nthaka. Kum'mawa kwa Zambia, kampani ya North Charterland inatenga dera lalikulu ndithu, anthu nkupanikizidwa m'malo osankhidwa ndi boma, mpaka boma lomwelo linagula malowo mu 1941. Ku Nyasaland, mawu okoma akuti thangata, omwe kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza pa minda ya azungu, ndipo mkwiyo wake ndi umodzi mwa mizu ya kuwukira kwa John Chilembwe mu January 1915. Ku Mozambique kunali chibalo. Msonkho ndi umphawi zinathamangitsira amuna ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ya kuno ku Joni kudzera mu Wenela. Migodi ya ku Benoni, Boksburg ndi Springs inamwa thukuta la agogo athu. Ena anabwerera ndi njinga ndi sutikesi, ena anasanduka matchona, ndipo ena sanafike nkomwe, monga anthu 74 a ku Malawi omwe anafa pa ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu April 1974.

Mabungwe oyamba

Makolo athu sanangokhala chete. Mu 1912 kunabadwa North Nyasa Native Association, momwe munali Levi Mumba, ndipo mabungwe ena otere anafalikira m'maboma ambiri. Mu 1919, ku Cape Town, Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la antchito la ICU lomwe linagwedeza South Africa yense. Mu 1944 mabungwe a ku Nyasaland analumikizana kupanga Nyasaland African Congress, James Sangala ali mmodzi mwa olimbikitsa ake ndipo Levi Mumba ali pulezidenti woyamba.

Taonani chinthu chimodzi. Mabungwe onsewa ankayankhula m'dzina la anthu akuda, antchito, kapena fuko la dziko lonse. Zimenezi zinali zoyenera pa nthawiyo, pakuti mdani anali mmodzi. Koma zinatanthauza kuti nkhani ya chinenero inatsalira m'manja mwa amishoni ndi boma. Dikishonale yoyamba ya chinenero chathu inalembedwa kunja kwa dziko lathu, kufupi ndi Mombasa, pomwe Johannes Rebmann anagwira ntchito ndi Salimini, munthu wakwathu yemwe anatengedwa ukapolo. Inasindikizidwa mu 1877. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Buku Lopatulika la mu 1922, lomwe William Murray anatsogolera, linayesa kulukanitsa kayankhulidwe ka kumwera ndi ka chigawo chapakati. Ku Chicago, Mark Hanna Watkins anatulutsa galamala ya Chichewa mu 1937, ndipo yemwe ankamuuza mawu anali wophunzira wina dzina lake Hastings Kamuzu Banda. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, natisonyeza kuti tingathe kudzilembera tokha. Komabe panalibe bwalo la eni chinenero lomwe likanagamula za kalembedwe kake kapena malo ake m'sukulu.

Chinenero m'manja mwa boma

Ufulu utabwera, dziko lililonse linatenga gawo lake la chinenero nkulisamala kapena kulinyalanyaza monga linafunira. Mu 1968, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chinenero cha fuko, pambali pa Chingerezi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, yomwe inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Ku Zambia dzina lakuti Cinyanja linatsala, chinenerocho chili chimodzi mwa zisanu ndi ziwiri zovomerezeka m'zigawo, ndipo malamulo a kalembedwe a mu 1977 anasunga "c" pomwe Amalawi amalemba "ch". Ku Mozambique sukulu zinapitiriza ndi Chipwitikizi chokha, mpaka pomwe boma linayesa maphunziro a zinenero ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, Cinyanja ku Tete ndi Xichangana ku Gaza. Ku Zimbabwe, zidzukulu za antchito a m'migodi ndi m'minda zinadikira mpaka 2013 kuti Chichewa chilembedwe m'malamulo aakulu a dziko ngati chimodzi mwa zinenero 16 zovomerezeka.

Mkangano wa m'bungwe lathu la maliro unabadwira pamenepa. Bambo wa ku Katete sanalakwe, inenso sindinalakwe. Aliyense ananyamula chigamulo cha unduna wa maphunziro wa kwawo.

Tisabisenso mbali yowawa ya chaka cha 1968. Chigamulo chomwe chinakweza Chichewa ndi chomwechonso chinachotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu, chinenero chomwe ngakhale atsamunda anali atachivomereza mu 1947. Ayao, Alomwe, Asena, Atonga ndi Ankhonde anaphunzira kuti chinenero chawo nchapakhomo pokha. Bala limeneli silinapole, ndipo aliyense wofuna kuyankhulira Chichewa lero ayenera kuyamba walivomereza. Komanso chomwe boma lapereka, boma lomwelo limatha kulanda. Chichewa Board inathetsedwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ntchito yake nkupita ku Centre for Language Studies ya ku Yunivesite ya Malawi mu 1996, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1.

Njira ya Akichwa

Akichwa ndi mtundu waukulu mwa eni nthaka a ku Ecuador. Ambiri amakhala m'mapiri a Andes, ena m'nkhalango za Amazon ku Napo ndi Pastaza. Chinenero chawo ndi nthambi ya Quechua, chomwe chimadutsa malire a Peru, Bolivia, Colombia ndi Argentina, monga momwe chathu chimadutsira malire a kuno. Nawonso anali ndi thangata wawo wotchedwa huasipungo: banja linkapatsidwa kamunda pa esiteti ya mwini chuma, nkumalipira ndi ntchito ya masiku ambiri pa sabata, mbadwo ndi mbadwo. Thangata anathetsedwa ndi lamulo ku Nyasaland mu 1962, huasipungo mu 1964.

Mu 1944, chaka chomwe kwathu kunabadwa Congress, kwawo kunabadwa Federación Ecuatoriana de Indios. Mmodzi mwa atsogoleri ake anali Dolores Cacuango, mayi wobadwira pa esiteti ku Cayambe yemwe sanapiteko kusukulu. Iye ndi anzake, monga Tránsito Amaguaña ndi mphunzitsi Luisa Gómez de la Torre, anatsegula sukulu zophunzitsa ana m'Chikichwa ndi m'Chisipanishi, eni maesiteti akudana nazo. Boma la asilikali linatseka sukuluzo mu 1963. Chofunika kuona nchakuti kuyambira pachiyambi, nkhani ya munda ndi nkhani ya chinenero zinayendera limodzi, ndipo zonse zinali m'manja mwa eni ake.

Mu 1972, chaka cha Chichewa Board yathu, midzi ya Akichwa a m'mapiri inapanga Ecuarunari, dzina lomwe limanena za kudzuka kwa anthu a ku Ecuador. Mitundu ya ku Amazon inapanga Confeniae mu 1980, ndipo mu 1986 mabungwewa analumikizana kupanga Conaie, yoimira mitundu yonse ya eni nthaka. Kamangidwe kake nkoyambira pansi. Mudzi uli ndi msonkhano wake ndi atsogoleri osankhidwa. Midzi ingapo imapanga bungwe la dera. Mabungwe a madera amapanga la chigawo. A zigawo amapanga la dziko. Mawu a mtsogoleri wa ku Quito amalemera chifukwa akaitana, midzi imayankha.

Zipatso zake zinaoneka. Mu 1988 boma linakhazikitsa nthambi ya maphunziro a zinenero ziwiri yotchedwa Dineib, momwe mabungwe a eni nthaka anali ndi mawu posankha oyendetsa. Mu June 1990 anthu zikwizikwi anatseka misewu ya m'mapiri ndi miyala ndi mitengo, misika ya m'mizinda nkuuma, mpaka boma la Rodrigo Borja linakhala pansi kumva madandaulo 16, okhudza nthaka, madzi, maphunziro ndi kuzindikiridwa kwa mitundu yawo. Mu April 1992 bungwe la ku Pastaza la Opip linatsogolera ulendo wapansi kuchokera ku Puyo kukafika ku Quito, ndipo anabwerako ndi zikalata za umwini wa malo oposa mahekitala miliyoni imodzi. Malamulo aakulu a dziko a mu 2008 anavomereza kuti Ecuador ndi dziko la mitundu yambiri, ndipo anatchula Chikichwa ndi Chishuar ngati zinenero zovomerezeka pa ubale wa pakati pa zikhalidwe.

Nkhani ya mudzi wa Sarayaku ndiyo imaonetsa bwino ntchito ya mgwirizano wotere. Mu 1996 boma linapereka chilolezo chofufuza mafuta m'dera lawo kwa kampani ya ku Argentina ya CGC popanda kuwafunsa. Kampaniyo inakwirira zophulitsira zolemera makilogalamu oposa 1,400 m'nkhalango momwe anthu amasaka ndi kulima. Anthu a ku Sarayaku anakana, natengera mlanduwo ku khoti la ufulu wa anthu la mayiko a America lomwe lili ku San José, Costa Rica. Oweruza anapita okha kukaona mudziwo, ndipo pa 27 June 2012 anagamula kuti boma linaphwanya ufulu wa anthuwo wofunsidwa kaye. Mu 2014 nduna za boma zinapita ku Sarayaku kukapepesa pamaso pa anthu. Mudzi wofikika pa bwato kapena pa ndege yaing'ono unagonjetsa boma chifukwa sunali wokha. Mutu umodzi susenza denga.

Bwalo lathu la ku Mkaika

Wina anganene kuti nafenso tili nawo mgwirizano wathu, ndipo sakunama. Mwambo wa Kulamba, womwe unazilala m'nthawi ya atsamunda, unatsitsimutsidwa mu 1984 ndi Kalonga Gawa Undi Chivunga. Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la August, mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kudzapereka ulemu ndi kufotokoza za madera awo. Mu 2007 atsogoleri a mayiko atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pa bwalo limodzi pamaso pa Kalonga. Mu 2005 Unesco inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse a padziko, m'dzina la mayiko atatu pamodzi. Ku Malawi kuli Chewa Heritage Foundation, yomwe malemu Justin Malewezi anaitsogolerapo, yosonkhanitsa anthu ndi chuma cha ulendo wa ku Kulamba ndi kusamala miyambo. Pa bwalo la Mkaika pamamveka uthenga wotsutsa maukwati a ana ndi wolimbikitsa kuti atsikana apitirize sukulu. Zimenezi si zazing'ono. Ndi mabwalo ochepa mu Afirika omwe amafafaniza malire atatu tsiku limodzi.

Koma tikaika mbiri ziwirizi pamodzi, kusiyana kumaoneka. Mgwirizano wa Akichwa unamangidwa kuti ukakamize boma pa nkhani za nthaka, sukulu ndi chinenero, ndipo mphamvu yake imachokera m'misonkhano ya m'midzi. Wathu unamangidwa pa ulemu wa ufumu ndi kukongola kwa mwambo, ndipo andale amabwerako ngati alendo olemekezeka. Timavina pamodzi, koma tikabwerera kwathu ana a ku Mchinji ndi a ku Chipata, otalikirana ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, amawerenga mabuku a kalembedwe kosiyana. Akatswiri anayesapo kulumikiza. Bungwe la Casas la ku Cape Town, lomwe Kwesi Kwaa Prah anayambitsa, linatulutsa mu 2001 kalembedwe kamodzi ka zinenero za Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ntchitoyo inatsalira kwambiri m'mashelefu a mayunivesite chifukwa panalibe gulu la makolo, aphunzitsi, alembi ndi mipingo loinyamula kupita nayo ku maunduna.

Machenjezo atatu

Sindikunena kuti tingotengera za ku Ecuador monga zilili. Choyamba, Achewa kwathu si mtundu woponderezedwa ngati momwe Akichwa analili pansi pa zidzukulu za Asipanishi. Ndife ochuluka, ndipo nthawi ina chinenero chathu chinali chikwapu pa misana ya anzathu. Ngakhale dzina lakuti eni nthaka tilitchule modzichepetsa, pakuti makolo athu anapeza Akafula, omwe zina mwa zojambula za m'mapanga a Chongoni ndi zawo. Kuno ku South Africa, omwe mbiri yawo ikufanana kwambiri ndi ya Sarayaku ndi Anama a ku Richtersveld, omwe mu 2003 anapambana ku khoti lalikulu la malamulo a dziko pa mlandu wa malo awo a miyala ya dayamondi. Mgwirizano wa oyankhula Chinyanja ukadzabadwa, udzayenera kuima pambali pa Mtumbuka, Myao, Mlomwe ndi Msena pofuna kuti mwana aliyense ayambe sukulu m'chinenero chomwe amachimva. Conaie inalimba chifukwa Akichwa, ngakhale anali ochuluka, anakhala pa mphasa imodzi ndi Ashuar ndi mitundu ina yaing'ono.

Chachiwiri, kulumikiza kalembedwe kuli ndi msampha wake. Akichwa anagwirizana za kalembedwe kamodzi mu 1980, nakakonzanso mu 1998. Koma ku Napo makolo ambiri anadandaula kuti Chikichwa cha m'mabuku nchakumapiri, chodzala ndi mawu opeka, ndipo ana anayamba kuona ngati agogo awo amayankhula molakwika. Nafenso tili ndi Chimang'anja cha ku Chikwawa, Chinyanja cha ku Likoma ndi ku Metangula, Chichewa cha ku Kasungu, ndi Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka chomwe ena amachinyoza pomwe ndicho chikukopa achinyamata kudzera m'nyimbo. Tingagwirizane za zilembo popanda kulamula kuti pakamwa pa aliyense pazituluka mawu a ku Lilongwe.

Chachitatu, kupambana sikukhalitsa kopanda oulondera. Mu 2009 boma la Rafael Correa linabweza Dineib m'manja mwa unduna, mabungwe nkutaya mawu omwe anali nawo. Ndipo ngakhale Chikichwa chili m'malamulo aakulu a dziko, ana ambiri a m'matauni a ku Ecuador akukula ndi Chisipanishi chokha. Lamulo limatsegula chitseko, koma chinenero chimakhala kapena kufa pa mkeka wa pakhomo. Ife tikudziwanso kuwawa kwa mgwirizano wochokera kumwamba: mawu akuti chitaganya mpaka lero amatikumbutsa za 1953, pomwe atsamunda anatimanga mtolo umodzi tisanavomere.

Tiyambire pati?

Kuno ku Wattville ndife alendo, ndipo masiku ena kuyankhula Chichewa mokweza m'tekisi kumafuna kulimba mtima. Komabe manda a Oliver Tambo, yemwe anakhala zaka zambiri ku Lusaka pakati pa oyankhula Chinyanja, ali konkuno, kutikumbutsa kuti ulendo wa pakati pa mayiko athu sunayambe dzulo ndipo sunali wolowera mbali imodzi. Malamulo aakulu a South Africa, m'ndime 30 ndi 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chinenero chake ndi kupanga mabungwe a chikhalidwe ndi chinenero. Malamulo a Malawi, m'ndime 26, amanenanso za ufulu wa chinenero ndi chikhalidwe. Ufuluwo ulipo pa pepala, ukudikira anthu oti aunyamule.

Dolores Cacuango sanayambe ndi khoti la ku San José. Anayamba ndi ana ochepa m'kanyumba ka pa esiteti. Nafenso midzi yathu tili nayo kale, ngakhale sitiitcha choncho: mabungwe a maliro, makwaya, magulu a chipereganyu, mipingo yopemphera m'chinenero chathu ku Benoni, ku Mbare, ku Matero ndi ku Ulónguè. Chomwe chikusowa ndi ulusi wozilumikiza. Pa msonkhano wathu wotsatira ndikapempha zinthu ziwiri: kuti makalata a bungwe azituluka m'chinenero chathu, Chingerezi chizibwera pansi pake, ndiponso kuti Loweruka lililonse masana tizisonkhanitsa ana kwa ola limodzi kuwaphunzitsa kuwerenga. Bambo wa ku Katete uja wavomera kale kudzaphunzitsa, koma wanenetsa kuti pa bolodi adzalemba "c". Ndamuyankha kuti alembe, ine ndidzalemba "ch" pambali pake, ndipo tidzawauza anawo chifukwa chake zilembozo zili ziwiri.

Inu a ku Chipata, a ku Tete, a ku Lichinga, a ku Harare ndi a kumudzi, kodi kwanuko alipo omwe anayamba kale ntchito yotereyi? Mabuku a ana mumawapeza kuti, ndipo mumatsata kalembedwe kati? Tiuzeni, kuti tisayambe kusema mtondo pomwe anzathu akusinja kale.